Ndilipo, ndilipo, ndilipo

Anzanga a kugombe, a ku Msaka, Malembo, Chembe, Makanjira, mpaka inu a ku Senga Bay amene zanga zimakupezani kudzera mwa ena, ndabweranso ndi yaitali. Amene bandulo yatsala pang'ono musade nkhawa, ndi mawu okhaokha, mulibe vidiyo.

Ambiri mukamva kuti cloud mumaganiza za malo amene zithunzi zimatsalako foni ikagwera m'madzi. N'zoona, koma ndi mbali imodzi chabe. Kumitamboko kulibe kalikonse. Cloud ndi makompyuta a eni ake, ambirimbiri, osanjidwa m'mashelefu m'nyumba zikuluzikulu zozizira, ndipo amabwereketsa kwa aliyense amene walipira. Oyandikira kwa ife ali ku South Africa. Microsoft inatsegula nyumba zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Ntchito ikakula sapatsa kompyuta imodzi. Amaidula nthulinthuli n'kugawira makompyuta ambiri, amene amawatcha ma worker, antchito. Pamwamba pawo pamakhala pulogalamu yogawa ntchitoyo, ine ndimangoitcha kapitawo. Ndiye funso n'lakuti, kapitawo ameneyu alibe maso, alibe makutu, nthawi zina ali dziko lina, amadziwa bwanji kuti wantchito wake akadali moyo?

Paja mukudziwa kuti kuno ku Zomba ndimachita lendi ku Sadzi, m'munsi mwa phiri, ndipo ndikaweruka kusukulu ndimagwira ganyu pa kaofesi kena kakang'ono konkuno. Kumeneko kuli makompyuta anayi amene ntchito yawo ndi kulumikiza zithunzi za minda zojambulidwa kuchokera m'mwamba kuti zikhale mapu. Abwana anandiuza kuti ndiwapatse maina, ndiye mukudziwa kale mwana wa msodzi: chambo, kampango, utaka ndi usipa. Usipa ndi kakang'ono, kakale, kamalira ngati injini yoti sinapite ku sevisi. Makina anayiwa ali pa tebulo limodzi ku Sadzi, koma kapitawo wawo ali mu cloud, kutali. Sanaonanepo. Chimene chimawalumikiza ndi kauthenga kakang'ono kamene kompyuta iliyonse imatumiza masekondi 10 aliwonse, usana ndi usiku. Tanthauzo lake ndi mawu amodzi basi: ndilipo. Azungu amati heartbeat, kugunda kwa mtima. Mukawerengetsa, kompyuta imodzi imanena "ndilipo" ka 8,640 pa tsiku. Sitopa, sichita manyazi, sinena kuti "ndinakuuzani kale dzulo".

Pulogalamu imene timagwiritsa ntchito ndi Kubernetes, inachokera ku Google mu 2014, ndipo lero ili paliponse pamene pali makompyuta ambiri ogwirira pamodzi. Pa kompyuta iliyonse pamakhala kanthumwi kake, kubelet, ndipo ndi kameneko kamene kamatumiza "ndilipo". Kapitawo sayendera aliyense kufunsa kuti wadzuka bwanji. Iye amangoyang'ana wotchi. Akaona kuti papita masekondi 40 kapena 50, kutengera mtundu wa pulogalamuyo, osamva kanthu kwa utaka, amasintha zolemba zake. Apa ndi pamene ndinayamba kuikonda nkhaniyi, aise. Salemba kuti utaka wafa. Amalemba mawu akuti Unknown, kutanthauza kuti sitikudziwa. Amasiya kumupatsa ntchito yatsopano, n'kudikiranso mphindi 5. Zikatha mphindizo kuli zii, amatenga ntchito ya utaka n'kupatsa chambo kapena kampango.

Mapulogalamu ena ali ndi nthawi zawo. Hadoop, yosunga mafayilo aakulu pa makina ambiri, imafuna "ndilipo" masekondi 3 aliwonse, koma imadikira mphindi 10 ndi theka isanalembe kuti kompyuta yafa. Manambala amasiyana, koma nzeru yake ndi imodzi, ndipo si ya lero. Mu 2004 akatswiri awiri a ku Google, Jeffrey Dean ndi Sanjay Ghemawat, analemba za njira yawo yogawira ntchito yotchedwa MapReduce. Anafotokoza kuti tsiku lina anthu akukonza netiweki, makina ankasowa m'magulu a 80 nthawi imodzi kwa mphindi zingapo, koma ntchito inatha bwinobwino chifukwa kapitawo ankangogawanso zimene osowawo anasiya. Anthu amenewa sanamange nyumba yawo poganiza kuti makina sadzafa. Anaimanga podziwa kuti tsiku lililonse wina afa, ndiye tipanganiretu kuti tidzadziwa bwanji komanso tidzachita chiyani.

Tsopano imani kaye pamenepa, chifukwa ndi pamene pali nyama. Pali njira ziwiri zodziwira kuti mnzako ali pamavuto. Yoyamba, iye akuuze zikavuta. Yachiwiri, azikuuza nthawi ndi nthawi kuti ali bwino, ndipo akasiya udziwe kuti kwagwa kanthu. Yoyambayo ndi yotchipa, ndipo ndi imene tonse timakonda. "Zikavuta tiimba." Koma taganizani. Chimene chavutacho n'chomwechonso chimene chimakulanda pakamwa. Magetsi akazima ku Sadzi, chambo sangatumize uthenga woti magetsi azima, chifukwa iyenso wazima. Boti likagubuduka, foni imagubuduka nalo.

Dziko lonse tinaziona izi mwachisoni pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene inanyamula malemu Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu inasowa pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Ndege zimakhala ndi kachipangizo kamene kamayenera kulira kokha ngozi ikachitika kuti osaka adziwe kolowera. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analemba mu lipoti lawo kuti kachipangizo ka m'ndegeyi sikankagwira ntchito, batire yake inatha nthawi mu 2004. Pano sindikunena za ndale, ndipo sindikunena kuti anthuwo akanapulumuka. Ndikunena za mtundu wa chipangizocho. Chinthu chimene chimayankhula pokhapokha zikavuta chikhoza kukhala chakufa zaka 20, ndipo kukhala chete kwake kumamveka chimodzimodzi ndi mtendere. Pamene chinthu chonena "ndilipo" masekondi 10 aliwonse sichingafe mobisa ngakhale mphindi imodzi.

Ena a inu mukukumbukira zimene zinachitikira achimwene anga a kwa azakhali, chaka chija mwera unavuta kwambiri. Anapita ku kauni ndi alovi anzawo, injini inazima pakati pa usiku, mwera n'kuyamba kuwakankhira kumpoto. Foni anali nazo ziwiri. Ina inanyowa pokapa madzi, ina batire inatha chifukwa anyamata ankamvera nyimbo madzulo poyembekezera mdima. Kumtunda kunacha, maboti ena onse anakocheza, lawo kulibe. Kodi panali amene anadzidzimuka? Ayi ndithu. Wina anati akagulitsa ku Malembo, mitengo ili bwino kumeneko. Wina anati mwina apha zambiri, akubwera pang'onopang'ono. Azakhali mtima unali m'mwamba kuyambira mbandakucha, koma ukakhala mzimayi mmodzi pagombe ukunena kuti tiyeni tikasake, abambo amakuuza kuti usatichititse malodza. Boti losaka linanyamuka dzuwa litapendeka. Mwa chisomo anapezeka amoyo mbali ya ku Salima, milomo itang'ambika, mmodzi sakutha kuima. Palibe amene anali woipa mtima pagombe paja. Chimene chinalibe ndi pangano. Palibe amene ananena kale kuti ikakwana nthawi yakuti osamva kanthu, tikuyamba kusaka, ndiye aliyense anamasulira chete uja momwe mtima wake unafunira.

Ndinawaimbira bambo kuwafotokozera za makina angawa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka. "Iwe, zimenezo ndiye wapitira ku Zomba? Amako akhala akuwerenga nyali usanabadwe." Ndipo akunena zoona. Ana a kunyanja tonse tinakula tikuona mzere wa nyali za kauni usiku, ngati tauni yoyandama, ndipo amayi athu amadziwa kuti kagulu kali apo ndi ka akutiakuti. Nyali ya siginala ndi "ndilipo" wakalekale. Koma ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, nyali ikazima, amayi amadikira nthawi yaitali bwanji asanadzutse anthu?" Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti nyali ndi ya nsomba, si ya anthu. Siginala amaichepetsa kapena kuizimitsa pa zifukwa zake za ntchito, boti limasuntha, limabisika kuseri kwa chilumba. Ndiye ikasowa sungathamangire kukuwa. Apo ndiye pali kusiyana. Nyali imaoneka mwangozi, siinayatsidwe kuti iuze a kumtunda kanthu. "Ndilipo" wa kompyuta alibe ntchito ina koma imeneyo, ndipo nthawi yodikira inalembedwa kale, palibe zokambirana pa tsiku la tsoka.

Komatu musaganize kuti makinawa anathetsa zonse. Vuto lalikulu likadalipo, ndipo akatswiri amavomereza kuti silingathe: kuchokera kutali, wakufa ndi wosowa netiweki amamveka chimodzimodzi. Onse ndi zii. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri za intaneti zodutsa pansi pa nyanja ya mchere, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo intaneti inavuta ku Tanzania, Kenya, Mozambique, kuno kwathu ndi maiko ena oyandikana nafe. Tsiku ngati limenelo kompyuta ikhoza kukhala yamoyo, ikugwira ntchito yake mwakhama, ikufuula "ndilipo", koma mawu osafika. N'chifukwa chake kapitawo amalemba kuti sitikudziwa. Ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi aulemu kwambiri kuposa onse a pa sikirini paja. Sakutonthoza, sakulira maliro, akungonena pamene zinthu zili, ndipo akuyambitsa wotchi.

Pali kanthu kenanso kamene kanandisangalatsa. Kubernetes ikaona kuti makina ambiri a dera limodzi asowa pamodzi, imachepetsa liwiro losamutsa ntchito. Ikaona kuti onse, kulikonse, asowa nthawi imodzi, imasiyiratu kusamutsa, chifukwa imaganiza kuti mwina wogontha ndi iyeyo. Amayi anga amadziwa zimenezi popanda sukulu. Nyali imodzi ikasowa, mtima umagunda. Nyali zonse zikasowa nthawi imodzi, ndi nkhungu kapena mvula yatchinga pakati, maboti onse sangamire mphindi imodzi. Kuno ku Sadzi zimachitika kawirikawiri, magetsi akathima mizere yonse inayi imasanduka yofiira pamodzi, ndipo abwana safunsanso kuti makina afa, amangofunsa kuti kwanuko kuli magetsi?

Nanga wosowa uja akabwerera? Apa ndiye pali nkhani ya matchona. Munthu wapita ku Joni, zaka zisanu zii, osatumiza ngakhale moni, akubwera akupeza munda analima ena, pakhomo pali njinga ya bambo wina. Kwa makina zimenezi zimachitika tsiku lililonse. Utaka wasowa mphindi 7, ntchito yake yapatsidwa kwa chambo, kenako netiweki yabwerera, utaka akubwera ndi ntchito yomweyo atamaliza. Ikakhala ntchito ya mapu palibe choopsa, tangotaya magetsi. Koma tayerekezani kuti ntchitoyo inali yotumiza ndalama pa foni, ndiye kuti munthu walandira kawiri. N'chifukwa chake ntchito saipereka ngati mphatso, amaipereka ngati lendi ya nthawi yochepa. "Ndilipo" aliyense ndi kulipira lendi. Ukasiya kulipira, nthawi ikatha nyumba ndi ya wina, ndipo ukabwera ndi zotsatira zako mochedwa kapitawo amalandira za mmodzi yekha, zinazo amataya. Wantchito wopangidwa bwino amadziwanso yekha kuti ngati sindinamveke nthawi yonseyi, ndisapitirize ngati kuti palibe chachitika, ndiyambe ndafunsa.

Ndiye pali bodza la "ndili bwino". Ife Amalawi matenda amenewa tili nawo. Munthu ali pa bedi kuchipatala, diripi ili pamkono, ukamufunsa akuti ndili bwino, kaya inu. Kompyuta nayonso ikhoza kumanena "ndilipo" mokhulupirika pamene m'kati zinthu zaima. Kanthumwi kali moyo, koma ntchito yeniyeni yauma gwa. Pofuna kuthana ndi zimenezi, kupatula "ndilipo" wamfupi uja, kompyuta imatumizanso lipoti lalitali, nthawi iliyonse pamene china chasintha, kapena mphindi 5 zilizonse ngati palibe chasintha. M'menemo muli zenizeni: memory yatsala yochuluka bwanji, malo osungira mafayilo atsala pang'ono kudzaza kapena ayi, ntchito zingati zikuyenda. Ndipo mafunso amawasiyanitsa. Kodi uli moyo, ndi funso lina. Kodi ungalandire ntchito panopa, ndi funso linanso. Ukalephera loyamba amakuzimitsa n'kukuyatsanso. Ukalephera lachiwiri amangokusiya upume, osakuwonjezera katundu.

Mwezi wa October, fumbi la ku Sadzi litafika pachimake ndi kutentha kuja, kampango ananena "ndilipo" sabata yonse osaphonya. Koma pa kapulogalamu kena kamene tinaika koyeza kutentha, nambala yake inkakwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito imene anzake ankamaliza msanga iye ankaikoka. Titatsegula tinapeza fani yatsekeka ndi fumbi ngati chisa cha mbewa. Akanakhala munthu tikanati ndi wolimba mtima, sadandaula. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chimene chinamupulumutsa si "ndili bwino" wake, ndi manambala amene sakanatha kuwabisa. Pa boti zili chimodzimodzi. "Tili bwino" wa pa foni satanthauza kanthu ngati sananene kuti mafuta atsala malita angati, injini ikutsokomola kapena ayi, madzi akulowa mochuluka bwanji.

Zina ndingodutsa mwachangu. Magetsi akabwera, makina onse amadzuka pamodzi n'kuyamba kufuula nthawi imodzi, ndipo akakhala masauzande akhoza kumugwetsa kapitawo, ngati maboti onse kukocheza mphindi imodzi pa gombe lopapatiza. Ndiye amawaphunzitsa kuti aliyense azidikira kanthawi kosiyana ndi mnzake, ndipo akalephera kufikira kapitawo asamangogogoda, aziwonjezera nthawi yodikira. Komanso kapitawo naye amafa. Pa ntchito zazikulu amaika atatu, kuti mmodzi akagwa awiri otsalawo apitirize.

Tsono ndafika pa chimene ndalembera zonsezi. Sitima zikuluzikulu za pa nyanja za mchere zili ndi chipangizo chotchedwa AIS, chimene chimalengeza chokha pamene sitima ili masekondi angapo aliwonse ikamayenda. Ife maboti athu a matabwa zimenezo tilibe, ndipo sindikuona tikukhala nazo posachedwa. Koma chimene chimapulumutsa si chipangizo chodula, ndi pangano, ndipo pangano ndi laulere. Foni tili nazo. Kufulasha sikudya mayunitsi.

Ndikuganiza motere. Boti lililonse likamanyamuka, munthu mmodzi wa kumtunda alembe m'kope: boti la uje, anthu angati, lanyamuka nthawi yanji, foni iti ndiyo ya pangano. Foni imeneyo ikhale yodzaza moto, yomangidwa m'pepala la pulasitiki, osati ya nyimbo, osati ya kuimbira chibwenzi. 9 koloko usiku, 12 koloko, 3 koloko m'bandakucha, afulashe kamodzi. Wa kumtunda achonge. Akaphonya kamodzi, tisalire, tilembe kuti sitikudziwa, n'kuimbira boti lina limene lili mbali yomweyo kuti aponye maso. Akaphonya kawiri motsatizana, adzutsidwe mwini boti ndi a komiti ya pagombe, popanda wina kunena za malodza, chifukwa tinagwirizana kale masana dzuwa likuwala. Maboti onse akaphonya pamodzi, tiyambe takayikira netiweki. Ndipo chachikulu, amene mwaganiza zokagulitsa gombe lina, nenani. Kompyuta yabwino ikamazimitsidwa mwadongosolo imatsanzika, kuti kapitawo asaisake. Theka la chisokonezo cha tsiku la achimwene lija linali lakuti anthu amakocheza kwina osauza munthu, mpaka tinazolowera kuti boti losabwera ndi boti limene lapeza msika.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ena mwandiyankha kale ku inbox nditangoyamba kuzitchula. Choyamba, siginala sangaulule pamene wapeza usipa. Zoona, ndipo sindikumupempha kutero. "Ndilipo" sanena kuti ndili pati, amangonena kuti ndilipo. Mbali imene mwalowera mukhoza kuuza wosunga kope yekha, munthu amene mwamusankha nokha, ndipo tsamba limenelo litsegulidwe pokhapokha mwaphonya kawiri. Chachiwiri, netiweki siifika paliponse pa nyanja. Zoonanso. Koma alovi amadziwa bwino malo amene foni imagwira ndi amene siigwira kuposa a kampani eni ake. Mukamalowa kumene siigwira, tumizani kauthenga kuti tikulowa mumdima, mutimva 4 koloko. Pamenepo mwangosintha nthawi ya wotchi, pangano likadalipo. Chachitatu, mukuti nthawi yokoka chilimira palibe amene ali ndi dzanja la foni. Ndiye tisaike nthawi yothina. Makina nawonso amalola kuphonya kangapo asanakayikiridwe: "ndilipo" ndi wa masekondi 10 koma kukayikira kumayamba pa 40. Tikhoza kunena kuti mpata ndi mphindi 30. Mukafupikitsa kwambiri muzidzutsa mudzi pachabe mpaka anthu adzasiya kudzuka. Mukatalikitsa kwambiri, mwera ukhala utakufikitsani kutsidya. Nambala yoyenera sindingaidziwe ine wa ku Zomba kuposa inu amene mumagona pamadzi, koma ikhalepo, ndipo aliyense aidziwe.

Chimene sindikuvomereza ndi yankho lakuti mwamuna safulasha ngati mwana wa sukulu. Chambo wathu wa pa tebulo ndi kompyuta yamphamvu kuposa zonse mu ofesi muja, ndipo imanena "ndilipo" kofanana ndendende ndi kausipa kokalamba. Palibe amene amaiona ngati yamantha.

Mng'ono wanga, amene anatsala ndi bambo pa boti, ndinamunyengerera ndi bandulo kuti tiyese. Masabata atatu tsopano amandifulasha katatu usiku uliwonse umene apita, ine ndimachonga kuseri kwa kope la kusukulu. Usiku wina 12 koloko inadutsa kuli zii. 12:15, zii. Ndinakhala pa mphasa m'kachipinda kanga, agalu a ku Sadzi akuuwa kunja, ndikudziuza kuti mawu ake ndi akuti sitikudziwa, si ena ayi. Mpata wathu ndi mphindi 30, ndiye itakwana 12:30 ndinaimbira mnzake wa pa boti lina, iye n'kundiuza kuti akuwaona, akukoka. Foni inalira 12:40. M'mawa anandinena kuti achimwene mumavuta, tinali ndi nsomba m'manja. Ndinamuuza kuti avute ndine, koma afulashe.

Komabe usiku umenewo unandionetsa pamene dongosolo lathu laperewera. Ine ndili ku Zomba, ulendo wa maola angapo pa minibasi kuti ndifike kunyanja. Ndikhoza kudziwa msanga kuti kwavuta, koma sindingakankhe boti kulowa m'madzi. Kapitawo wa mu cloud amatha kukhala kutali chifukwa ali ndi antchito ena oti awatume pompopompo. Wosunga kope wathu ayenera kukhala pagombe pomwepo, ndipo asakhale mmodzi, chifukwa naye amagona, amadwala, amapita kumaliro. Akhale awiri kapena atatu osinthana. Amayi amene amagona mochedwa poyang'anira usipa pa thandala, kapena achinyamata amene mumatchaja mafoni a anthu pa sola, inu ndi amene ndikukuonani pa ntchito imeneyi.

Ndipo patsala nkhani ya mafuta. Boti lokasaka limamwa petulo, ndipo tsiku la achimwene lija ola lathunthu linathera pa kukangana kuti agule ndani. Maganizo anga ndi akuti boti lililonse lolembedwa m'kope lizisiya kenakake pa sabata, ndalama kapena beseni la usipa, mpaka pakhale chigubu cha malita 20 chosakhudzidwa, chosungidwa kwa munthu amene alibe boti lake, kuti asadzayesedwe nacho tsiku limene nsomba zavuta. A ku Msaka, ndikubwera kumapeto kwa mwezi, sukulu ikatsekera, ndipo kope ndigula ndine. Ndikufuna maina awiri a anthu oti aligwire ndikamabwerera kuno. A magombe ena, tumizani uthengawu kwa a komiti yanu, ndipo mundiuze nthawi zimene mwasankha, makamaka inu a ku Makanjira, chifukwa ndamva kuti kwanuko foni imagwira mbali imodzi yokha ya nyanja.